Mitu Isanu

Lolemba, 3 Febuluwale

Dayale ya abwana ya chaka chatha. Ndaitola m'bini. Masamba atatu okha olembedwa, ena onse mbee. Masiku ake sakugwirizana ndi a chaka chino, ndizilemba anga pamwamba. Izikhala kuno ku ntchito, m'kachipinda ka matsache, kuseri kwa zigubu za sopo. Kunyumba kulibe pobisa ngakhale singano.

M'mawa ndakolopa ofesi yawo. Ndinayeza ndi mapazi, makumi awiri m'litali. Munthu mmodzi, tebulo limodzi, duwa lapulasitiki. Chipinda chathu ndi mapazi khumi ndi awiri mbali zonse, katani pakati, ndipo timagonamo anthu asanu ndi atatu.

Ndiwalembe. Ine. Bambo a mapasa, onyamula katundu ku holoselo. Mapasawo, zaka zisanu ndi chimodzi, pakamwa posatseka. Apongozi, amene anabwera kudzaonana ndi dokotala masiku atatu, uno ndi mwezi wachisanu ndi chitatu, bedi analanda tsiku loyamba lomwelo. Mlamu wanga Mawamawa, mng'ono wa bambowo, amene ntchito yake imayamba mawa chaka chonse. Mkazi wake, ine ndimamuti Mkwatibwi chifukwa mbale sakhudza, ali ndi pakati. Ndi mwana wanga woyamba, wa mwamuna wina uja, zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, Fomu 3. Pakhomo timamuti Profesa.

Eni nyumba amadziwa asanu. Lamulo lawo ndi lakuti chipinda chimodzi mitu isanu, wina akapezeka katundu panja tsiku lomwelo. Akuti chimbudzi chimadzaza msanga. Mdadada wonse timawatchula Mayi Kalembera. Pa mndandanda wawo pali ine, bambo, mapasa ndi apongozi. Atatu enawo kulibe.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Poyamba Profesa anali pa mndandanda. Apongozi atabwera panafunika kuchotsa mutu umodzi. Bambo anati mayi awo sangabisike, amatsokomola. "Wakoyu ali ndi miyendo, azizemba." Wakoyu. Ndinameza. Tinauza Kalembera kuti mtsikana wapita kukakhala kwa abale a bambo ake, nkhani n'kutha.

Chiyambire pamenepo amatuluka faifi koloko, Kalembera asanatsegule zenera. Amadzera pampata wa mpanda, kuseri kwa bafa. Sukulu imayamba hafu seveni. Maola awiri pasiteji ya basi, buku pamiyendo, kudikira kuti kuyere aone zilembo. Akaweruka amakhala pakhonde la golosale mpaka kuchite mdima, ndiye n'kulowa chozemba ngati wakuba. Babu timazimitsa eyiti koloko, chifukwa Kalembera amawerenga zithunzithunzi pazenera.

Homuweki amalembera pa sutikesi ya apongozi, atagwada. Ola limodzi basi, Mawamawa ali ndi nyimbo pafoni, apongozi ali kho kho, Mkwatibwi akufuna mpata wa mimba yake. Dzulo mapasa amalimbirana buledi, kapu ya tiyi khuthu pa kope la masamu. Ntchito ya teremu yonse. Inki yonse kusungunuka.

Ndinazazira iyeyo, osati mapasa. Munthu wanzeru zonsezo amaika kope pansi m'nyumba ya anthu eyiti? Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mbali zonse zinayi za chipinda, ngati akufunafuna tebulo limene ndikunenalo. Mphuno ya bambo ake yeniyeni. Akandiyang'ana choncho magazi amawira.

Wayanika kopelo pafupi ndi mbaula. Masamba akakamira, ena apsa m'mphepete.

Lolemba, 10 Febuluwale

Lachisanu Profesa wabwera ndi chikalata. Sukulu yawo ili ndi hositelo ya atsikana. Chaka chilichonse amapereka mabedi asanu ndi limodzi aulere, ndi chakudya chomwe, kwa ana anzeru amene kwawo alibe powerengera. Kulowa ndi teremu yamawa. Dzina lake lili pa khumi amene akuganiziridwa. Chatsala n'chakuti amatironi adzaone okha pakhomo. Tsiku sanena, amangotulukira.

Chaka chatha anali nambala 2. Teremu yapitayi nambala 5. Aphunzitsi ake amuuza kuti akutsetsereka, hositelo yokha ndi imene ingamugwire.

Chikalatacho ndinachiwerenga kawiri. Pofunsa kuti mumagona angati m'chipinda chimodzi, walemba 8, wamkulu, wozungulira bwino, ngati chinthu chonyadira. Ndinati wakutuma ndani kuyanika zamkati zathu pamsewu? Akuti, "Amayi, akufuna zoona. Akapeza bodza amafufuta dzina." Ndinasayina.

Bambo akondwa. Akuti pakamwa pamodzi pachepa. Apongozi akuti mtsikana wogona kusukulu amabwerako ali awiri. Mawamawa akuti Profesa akadzagula galimoto adzamulembe udalaivala, ayamba mawa lake lomwelo.

Mwanayo Loweruka lonse amang'ung'udza kanyimbo potsuka mbale. Akuti kumeneko aliyense ali ndi bedi lake, kaloka kake, ndipo magetsi amazimitsa teni koloko. Amanena "teni koloko" ngati akunena za kumwamba. Ine zinandinyansa. Sukulu ndinasiyira Fomu 2, ndili nambala 1, chifukwa cha mimba yake yomweyi. Palibe anandipatsa bedi. Ndi nsanje, ndikudziwa, ndipo ndalemba.

Komabe ndikufuna apite. Mwana ameneyu mutu ali nawo.

Lachinayi, 13 Febuluwale

A nambala sikisi awatulutsa dzulo. Awotcherera zitsulo aja. Anapezeka seveni. Kalembera anapatsa kamwana kawo switi n'kukafunsa kuti amagona ndi ndani, iko n'kuwerenga onse pazala. Katundu panja, mvula ikuwaza. Matiresi pamatope. Mkazi wa wowotchererayo amagwada, Kalembera akuluka zake pampando. Ife tonse pamakomo pathu, manja lende, aliyense akuwerenga ake mumtima.

Atatha, Kalembera anaima pakati pa bwalo. Akuti atopa kunamizidwa. Mwana wa mchemwali wawo, wogwira ntchito muofesi, abwera tsiku lililonse ndi fayilo, alowa chipinda ndi chipinda.

Kupita kwina sitingathe. Kulikonse amafuna lendi ya miyezi itatu pakhomo, malipiro anga ndi a bambo amathera pamimba. Komanso ndani angalandire anthu eyiti ndi chifuwa cha apongozi pamwamba?

Madzulo bambo anatichititsa pelete, kuyeserera kubisa atatu aja. Mapasa azisewera kugeti, akaona mlendo wa fayilo aziimba likhweru. Mikeka pansi pa bedi. Nsapato za atatu aja m'ndowa, chivundikiro pamwamba. Miswachi isanu yokha m'kapu. Mbale zisanu, masipuni asanu. Yunifolomu ya Profesa m'pilo. Mabuku ake m'thumba la makala, chifukwa mlendo sangapise dzanja mmenemo. Mawamawa, Mkwatibwi ndi Profesa kudzera pampata, akadikire kuseri kwa golosale. Koyamba tinatenga mphindi zisanu ndi ziwiri pawotchi ya foni. Kachitatu mphindi zitatu. Bambo anati takhoza.

Profesa anatulutsa mabuku akuda bii, n'kumawapukuta ndi siketi tsamba ndi tsamba. Limodzi ndi la kulaibulale. Anafunsa kuti nanga akabwera amatironi tidzatani. Ndinati amatironi ndidzawadziwa, ndidzawatsina khutu ndekha, asandiphunzitse ntchito.

Mapasa ayamba sukulu chaka chino. Mayina awo omwe satha kulemba, pensulo imatayika tsiku lomwe yagulidwa. Koma likhweru, onse awiri nambala 1.

Lolemba, 17 Febuluwale

Kakalata ka aphunzitsi. Akuti Profesa amagona m'kalasi, piriyodi yoyamba ndi yachiwiri. Mayeso a masamu 41. Sanapezepo pansi pa 80 chibadwire. Akufunsa ngati kunyumba kuli vuto. Ndayatsira mbaula.

Amagona pakhomo penipeni, ndiye aliyense wopita kuchimbudzi amayenera kumudzutsa. Apongozi katatu. Mkwatibwi kanayi. Ndinamuuza kuti ine ndimakolopa maofesi naini ndi tulo tomweto, sindinalembere munthu kalata.

Ndapempha akapitawo athu kuti mwana azidzakhala m'chipinda cha misonkhano madzulo ndikamapolisha. Mipando khumi ndi iwiri, imakhalidwa kamodzi pamwezi. Akuti, "Lero mwana, mawa apongozi." Za apongozi anawauza ndani? Pakamwa panga pomwepa.

Mwini golosale wayamba kumupatsa mabisiketi. Bambo wamkulu, wa zidzukulu. Ndamuuza mtsikanayo kuti akadzabwera ndi mimba ndidzamuthyola miyendo yonse iwiri. Akuti, "Ndiye ndizidikirira kuti, amayi?" Mbama. Funso lopanda yankho limandipsetsa mtima kuposa mwano.

Dzanja lamva kuwawa mpaka m'mawa. Ndinamusiyira chidutswa cha buledi chachikulu.

Lolemba, 24 Febuluwale

Ndilembe za Loweruka. Dzulo lonse mutu umangolira.

Cha m'ma teni, bambo ali ku ntchito, ine ndikuchapa pampopi. Likhweru. Mmodzi wa mapasa akuthamanga, akuti mayi wa fayilo ali pageti ndi Kalembera. Pelete wathu uja. Mikeka, nsapato, miswachi, mbale, mabuku m'makala. Zinayenda ngati madzi. Mawamawa anadutsa pampata. Mkwatibwi anakakamira ndi mimba, Profesa n'kumukankha mpaka anadutsa. Iye m'malo motsatira anakumbukira yunifolomu, yatsala pamsomali. Anabwerera. Mawu a Kalembera ali kale pa nambala folo. Ndinamugwira pakhosi n'kumulowetsa pansi pa bedi, pamodzi ndi mikeka, n'kugwetsa shiti mpaka pansi. Apongozi pamwamba, maso tseke, ngati agona.

Chipinda chinaoneka chachikulu. Sindinachionepo chokongola chotero.

Kalembera patsogolo, kumbuyo mayi wa magalasi, nsapato zafulati, fayilo m'khwapa. "Amake mapasa, alendo anu. Akuti ndi amatironi a kusukulu. Ndawauza kuti mtsikana wanu anachoka kalekale, koma akuti pepala likunena pano." Atatero anatsamira pachitseko. Sanachoke.

 Munthu yekhayo padziko amene anafunika kuona mikeka ija, ife tamubisira m'mphindi zitatu.

Amatironi anakhala m'mphepete mwa bedi. Chidendene chawo pashiti penipeni. Anatsegula fayilo n'kuwerenga mokweza, anthu asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi. Kalembera anaseka. "Eyiti? M'nyumba mwanga?" Pakamwa pamaseka, maso ali pa ine gwa.

Ndinaona matiresi a nambala sikisi pamatope. Ndinaona apongozi pamsewu ndi chifuwa chawo, mapasa, nkhope ya bambo. Ndinati mwanayo sakhala pano.

Amatironi anandipatsa mpata, ndisawanamizire. Anandionetsa pomwe ndinasayina, n'kufunsa ngati ndi dzanja langa. Ndinati ndinangosayina osawerenga, ana amasiku ano amalemba zilizonse akafuna zaulere. Pakanakwana pamenepo. Koma pakamwa panatseguka. Ndinati amakhala kwa azakhali ake, nyumba yaikulu, chipinda chake yekha, magetsi, tebulo. Tebulo! Ndinachita kulionetsa ndi manja kukula kwake. Kalembera akugwedeza mutu, kuvomereza.

Mayiwo anayang'ana miswachi m'kapu, mbale pathandala, pansi poyera popanda kanthu. Analemba mizere iwiri. Potseka fayilo anati, "Mwana ameneyu ndinkamukhulupirira."

Akanangotsokomola kamodzi pansi pa bedipo, akanangogwira chidendene chija, hositelo ikanakhala yake, ife tikanagona panja. Fumbi lonse lija, ndi mikeka ili kumphuno. Sanatsokomole.

Atapita ndinakweza shiti. Ndinati tuluka, apita. Sanatuluke. Ndinabwerera kukachapa. Anatuluka dzuwa litapendeka, ndandaule m'tsitsi, tsaya limodzi lili ndi mizere ya mkeka. Anakoka mikeka yonse n'kuiika m'malo mwake, nsapato n'kuzitulutsa m'ndowa, mswachi wa aliyense m'kapu. Mabuku ake sanawatulutse m'makala.

Lachiwiri, 25 Febuluwale

Bambo anabwera ndi botolo lalikulu la zakumwa, akuti ndapulumutsa banja. Anandithirira woyamba. Mawamawa akundiyerekeza, manja tambasu, "Tebulo lake lotere!" Mkwatibwi kuseka mpaka kugwira mimba. Apongozi akuti nthawi yonseyi ankandiyesa wopusa. Ndinamwa. Zinali zozizira bwino.

Kalembera wandipatsa moni pampopi, koyamba chaka chino. Akuti mdadada wonse ukanakhala waukhondo ngati ine. Mwana wa mchemwali wawo uja mpaka lero sanabwere. Mwina kulibe n'komwe.

Profesa dzulo anamuitanira kwa ahedi. Dzina lafufutidwa. Amulembetsa kalata yopepesa chifukwa chonama pa chikalata cha sukulu, n'kumuwerengetsa pamaso pa aphunzitsi onse. Izi ndamva kwa mnzake wa m'kalasi, tinakumana pasiteji. Iyeyo sanandiuze. Ndinafunsa mnzakeyo kuti nanga bwanji sananene zoona. Akuti anawafunsa aphunzitsi kuti, akanena kuti wabodza ndi mayi ake, amatironi abwereranso kukafunsa eni nyumba? Atati inde, anatenga pepala n'kulemba.

Chiyambire Loweruka sanandilankhule. Ndikamutuma amachita. Ndikamutukwana amaima mpaka ndimalize, kenako n'kupitiriza zimene amachita. Bola akanandilalatira, ndikanapeza pomumenyera.

Lolemba, 3 Malichi

Ndanamiza akapitawo kuti ndikukachotsa dzino. Ndapita kusukulu.

Hositelo ndaiona pazenera. Mabedi achitsulo m'mizere iwiri, lililonse ndi bulangete lake lopinda. Pakati tebulo lalitali, mababu atatu. Fungo la polishi yemweyo amene ndimapaka kuofesi.

Amatironi anandisiya pabenchi ola lathunthu. Nditalowa ndinanena zonse, za mitu isanu, za pelete, za pansi pa bedi. Ndinalira, ine amene sindinalire pamaliro a mayi anga. Anavula magalasi n'kundiyang'ana. "Ndiye ndikhulupirire mayi uti, wa Loweruka kapena wa lero?"

Akuti makolo ambiri amabwera kudzalira dzina likafufutidwa. Lipoti analemba kale, lili kwa akomiti. Njira ndi imodzi yokha. Ndibweretse kalata ya eni nyumba, yosayinidwa, yonena kuti m'chipindamo mumagona anthu angati. Pofika Lachisanu. Ndinati mayi, kalata imeneyo ndi yomweyo yotitulutsira. Anati zimenezo si za sukulu. Anafunsanso kuti, mayi wotani amene amakana mwana wake mwanayo akumva? Ndinafuna kuwafunsa kuti kwawo amagona angati. Ndinati zikomo, n'kutuluka chobwerera m'mbuyo ngati wantchito.

Potuluka ndinamuona Profesa pazenera la kalasi. Mutu padesiki, aphunzitsi akulemba pabolodi. Palibe amamudzutsanso.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndinawauza bambo za kalata. Anali akudya. Sanakweze mawu, ndiye poopsa pake. "Ukatsegula pakamwa, utenge wakoyo muzipita. Mapasa usiye." Anapitiriza kudya. Apongozi pabedi anati mwana wawo wanena mwaulemu kwambiri.

Komabe dzulo madzulo ndinapita. Ndinaima pakhomo pa Kalembera, pepala ndi bolopeni m'thumba la epuloni. Ndinagogoda. Anatuluka akupukuta manja, kumbuyo kwawo balaza lonse, masofa atatu, munthu mmodzi ndi mphaka. Anati, "Kwagwanji amake mapasa?"

Ndinati mpopi ukudontha.

Anathokoza, akuti anthu osamala zinthu za eni ngati ine ndi osowa. Anandipatsa malalanje awiri, a mapasa. Ndinalandira ndi manja awiri.

Mawa Lachisanu. Ndapempha ovataimu, ndichape makatani a ofesi yonse, kuti ndisakhale ndi nthawi yoganiza.

Lachitatu, 19 Malichi

Mayina anaikidwa pabolodi. Bedi lake lapita kwa mwana wa nambala 11 m'kalasi. Kwawo akuti amagona asanu ndi mmodzi m'zipinda ziwiri. Olemera amenewo.

Sabata ino mayeso a teremu. Apongozi chifuwa chakula, babu likumawathobwa m'maso, tikuzimitsa seveni koloko. Profesa sakudandaula. Sakugwadanso pa sutikesi. Akafika amakhala pakona, mawondo pachibwano, kumayang'ana khoma. Mawamawa anamufunsa kuti Profesa wapuma pantchito? Onse anaseka. Inenso.

Buku la kulaibulale lija akuti lawonongeka ndi makala, samubwerekanso lina.

Mkwatibwi watsala milungu yochepa. Bambo ayamba kuyeza pansi ndi maso, akuti khanda ligona pati, beseni lake likhala pati. Za kulira kwake palibe waganizapo, mwina nalonso adzaliphunzitsa pelete. Akamayeza choncho maso awo amathera pakona paja.

Lachisanu, 4 Epulo

Lipoti. Nambala 27 mwa 52. Masamu 30. Pepala la jogalafe anangolemba dzina. Aphunzitsi alemba ndi bolopeni yofiira kuti wasiya kulimbikira. Profesa anandipatsa lipotilo ndili pambaula, n'kuima kudikira mbama. Sindinamumenye. Mphamvu zinalibe.

Asekeletale a kuofesi akufuna mtsikana wogonera konko. Ana awiri, kuchapa, kuphika. Amadandaula pafoni ine ndikupukuta tebulo lawo. Ndinangomva pakamwa panga pakuti ndikudziwa wina. Anati asakhale wapasukulu, safuna milandu, komanso asakhale wachibale wa pafupi wa munthu wa pantchito, amavuta kuchotsa. Ndinati ndi mwana wa mnansi wathu wakale, wamasiye, sukulu anasiya chaka chatha. Kachiwiri kameneka sikanavute. Mawu amangobwera okha, mtima osagunda n'komwe.

Kuli kachipinda kake kuseri kwa khitchini. Bedi, babu, chitseko chokhoma mkati. Ndinafunsa kawiri za chitsekocho.

Profesa ndamuuza madzulo pampata wa mpanda, asanalowe. Ndinati ndi teremu imodzi yokha, khanda likakula pang'ono adzabwerera kusukulu. Ndinati angatenge mabuku azikawerenga ana akagona. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako analankhula nane koyamba m'milungu isanu ndi umodzi. "Mwawauza kuti ndine ndani wanu?"

Ndinamuuza. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza ansala ya samu imene amaiyembekezera, n'kuwerama, n'kulowa pampata.

Lolemba, 14 Epulo

Sukulu yatsegulidwa lero. Iye wapita dzulo.

Katundu wake yense wakwana m'jumbo imodzi. Madiresi awiri, mswachi, chipeso. Yunifolomu anaichapa, kuisita, n'kuipereka kwa Mkwatibwi kuti adule matewera. Ndinati usatero, udzaifuna. Mkwatibwi anali atatenga kale sizasi. Makope anagawira mapasa, akuti azijambula kumbuyo. Bambo anamuuza kuti akakhale ndi khalidwe, asakatichititse manyazi, ndipo malipiro azipereka kwa mayi ake. Apongozi anamupempherera, pemphero lalitali, lothokoza kwambiri.

Ndinamuperekeza pasiteji. Ndinamuphunzitsa zoti akanene, dzina la mayi ake omwalirawo, matenda amene anafa nawo. Anabwereza kamodzi kokha, osalakwitsa. Mutu ali nawo. Basi itaima ndinafuna kumugwira dzanja, koma jumbo inali mbali yomweyo. Ali pachitseko anatembenuka. Sananditchule amayi. "Akusukulu akafunsa, muwauze zomwe zija. Mumatha."

M'mawa uno asekeletale akuti mtsikanayo ndi wodabwitsa, anathandiza mwana wawo homuweki ya masamu ya paholide osayang'ana m'buku. Akuti mayi ake akanakhala moyo bwenzi akunyada. Ndinati eya. Ndinapitiriza kupukuta.

Usiku ndinatambasula miyendo mpaka kukhudza chitseko. Palibe ndinamuponda. Ndagona tulo tofa nato, toyamba chibwerere apongozi, mpaka bambo kuchita kundigwedeza kuti ndachedwa. Tsiku lonse ndadikira kuti mtima uyambe kuwawa. Ndakolopa maofesi onse naini, msana osapweteka, m'mutu muli mbee. Pa masitepe, ndowa ili m'manja, ndinangozindikira ndikuimba.